Momwe tingalembere zolinga za ntchito yolimbana ndi malungo kuno ku Mulanje

Chaka china ndinakhala nawo pa zokambirana za komiti yoyang'anira chipatala china chaching'ono kuno ku Mulanje, tikukonza ndondomeko ya ntchito za chaka chotsatira. Titafika pa nkhani ya malungo, mlembi analemba ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala lomata kukhoma kuti, "Cholinga chathu: kuthetsa malungo m'dera lino." Tonse tinavomera ndi mtima umodzi. Chaka chitatembenuka tinakumananso m'chipinda chomwecho, ndipo agulupu ena anafunsa kuti, "Nanga ana anga, ntchito ija yafika pati?" Tinangoyang'anana. Maneti anali atagawidwa, misonkhano tinachita, alangizi a zaumoyo anayenda midzi yonse, koma panalibe amene akanaloza nambala n'kunena kuti apa tasuntha, apa tabwerera m'mbuyo. M'chaka chimenecho tinaika m'manda ana amene sanayenera kufa, ndipo sitinadziwe n'komwe pamene panatiphonya.

Kuthetsa malungo ndi khumbo labwino, ndipo dziko lathu linadziikira chaka cha 2030 kuti likhale litafika pamenepo. Koma komiti ya chipatala, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kapena ya dera (ADC) singagwire ntchito ndi mawu aakulu chotero. Imafunika cholinga chowerengeka, cha malo odziwika, chokhala ndi tsiku lothera ndiponso mwini wake. Malangizo awa ndalembera anthu a m'makomiti amenewa.

Yambani ndi makaundula

Musanakambe chilichonse, pemphani wamkulu wa chipatala ndi kalaliki wa ziwerengero kuti akukonzereni manambala a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi, mwezi ndi mwezi. Manambalawa alipo kale, paja mwezi uliwonse chipatala chimatumiza lipoti ku ofesi ya zaumoyo ya boma ndipo amalowetsedwa mu DHIS2, nkhokwe ya pakompyuta ya ziwerengero za zaumoyo. Mayina a odwala si anu, musawapemphe ndipo musalole kuti atuluke. Inu mukufuna chiwerengero basi.

Funsani kuti anthu angati anayezedwa magazi, angati anapezeka ndi malungo, ndipo mwa iwowo ana osakwana zaka zisanu ndi angati. Angati anatumizidwa ku chipatala chachikulu atadwalika, angati anamwalira. Ku sikelo ya amayi oyembekezera funsani amene anamwa SP, mankhwala owateteza ku malungo, kamodzi, kawiri ndi katatu. Kosungira mankhwala funsani masiku amene LA (mankhwala ochiza malungo) ndi zoyezera magazi zinatheratu. Musaiwale makaundula a alangizi a zaumoyo amene amayendetsa makiliniki a m'midzi, chifukwa ana ambiri a kumadera ovuta kufikako amathandizidwa kumeneko ndipo safika n'komwe pa chipatala.

Pa Chichewa chathu mawu oti malungo ndi otakata. Thupi likatentha, mutu ukamawawa, m'mfundo mukamaphwanya, tonse timati malungo. Pa ndondomeko yanu werengani okhawo amene magazi awo anaonetsa tizilombo. Kuyambira 2011 zipatala zathu zili ndi kachipangizo koyezera magazi a pachala komwe kamatulutsa zotsatira m'mphindi 15 kapena 20, ndiye palibenso chifukwa chowerengera mongoganizira.

Manambala amanamiza munthu akawatenga osawafunsa mafunso. Ngati chipatala chanu chili kufupi ndi malire, monga cha ku Muloza ndi Limbuli, ena mwa odwala ndi abale athu ochokera tsidya la Milange ku Mozambique. Ayenera kuthandizidwa monga wina aliyense, koma powerenga muwaike padera, chifukwa ntchito imene mungachite m'midzi yanu siingafike kunyumba zawo. Anthu ena a m'dera lanu amapita ku makiliniki a m'maesiteti a tiyi kapena ku chipatala cha mishoni, choncho saoneka m'kaundula wanu. Ndipo mukaona kuti mwezi wina pakati pa dzinja odwala malungo anatsika mwadzidzidzi, musafulumire kusangalala. Yang'anani ngati si mwezi umene zoyezera magazi zinatha.

Pomaliza gawani odwalawo ndi chiwerengero cha anthu a m'deralo. Mudzi wa anthu 3,000 wokhala ndi odwala 300 uli bwino kusiyana ndi mudzi wa anthu 600 wokhala ndi odwala 150, ngakhale 300 ikuoneka yaikulu. Alangizi a zaumoyo amakhala ndi chiwerengero cha mabanja ndi anthu a m'midzi yawo. Gwiritsani ntchito chimodzimodzicho chaka chonse, osasinthasintha.

Pitani mukaone ndi maso

Kaundula akuuzani midzi imene ikudwala kwambiri, koma chifukwa chake sakuuzani. Sankhani midzi itatu kapena inayi imene ili pamwamba, mudziwitse amfumu, mukayende ndi mlangizi wa zaumoyo wa kumeneko. Lowani m'nyumba mwaulemu, mupemphe kuona pogona. Funso loti "muli ndi neti?" limabweretsa yankho loti inde pafupifupi paliponse. Funso lothandiza ndi loti "usiku wathawu anagona m'neti ndani?" Nthawi zambiri mupeza kuti bambo, mayi ndi khanda ali m'neti, pamene ana okulirapo amagona pamphasa pabalaza kapena m'gowelo popanda chilichonse. Kafukufuku amene anachitika m'maboma a Blantyre, Thyolo ndi Chikwawa anaonetsa kuti ana a msinkhu wa kusukulu ndiwo amapezeka kwambiri ndi tizilombo ta malungo m'magazi, ambiri osaoneka kudwala, ndipo ndi omwewonso amene kawirikawiri sagona m'neti. Udzudzu ukawaluma umatenga tizilomboto n'kukapatsira khanda ndi mayi woyembekezera.

Funsaninso chimene chimalepheretsa. Ena amati neti imatentha, ena amati imabweretsa nsikidzi, ena alibe poimangirira chifukwa chipinda chogona ndi chomwenso amaphikira masana. Mupeza maneti atchinga dimba la masamba kapena khola la anapiye. Musakalipe, lembani, chifukwa chimene mwamvacho ndicho chidzakuuzani ntchito yoyenera.

Onani madzi. Udzudzu wofalitsa malungo, wa mtundu wa Anopheles, umaikira mazira m'madzi odekha osada kwambiri: m'maenje oumbira njerwa, m'mapazi a ng'ombe, m'ngalande za kudimba, m'zithaphwi zotsala mtsinje ukaphwera. Kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka pamatenga sabata imodzi kapena iwiri, ndipo kukatentha zimafulumira. N'chifukwa chake midzi ya kuchigwa kotentha imavutika kuposa ya m'mwamba mozizira. Apa ndinene maganizo anga poyera. Ndondomeko zambiri zimene ndaziona zimaika kutchetcha udzu ndi kusesa pakhomo patsogolo pa zonse. Ukhondo ndi wofunika pa matenda ena ambiri, koma udzudzu wa malungo suswana mu udzu kapena m'zinyalala. Mudzi ukhoza kuwala ngati pa ofesi ya boma, ana n'kumadwalabe chifukwa cha dzenje limodzi la njerwa kuseri kwa tchalitchi.

Yezaninso ulendo. Kuchokera m'mudzimo kufika pomwe mwana angayezedwe ndi maola angati wapansi, nanga mvula ikagwa? Tonse tikukumbuka Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola milatho ndi misewu kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo. Ngakhale chaka chopanda namondwe, pali midzi imene Ruo, Lichenya, Likhubula kapena Thuchila akadzaza imadukiratu.

Sankhani zochepa

Mukabwerako mudzakhala ndi mavuto khumi kapena kuposa, ndipo aliyense pa komiti adzafuna lake lilembedwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tengani atatu, mukachulutsa anayi. Posankha dzifunseni mafunso awiri: kodi vutoli likupha kapena kudwalitsa anthu ambiri, ndipo kodi lili m'manja mwathu? Kupopera mankhwala m'makoma a nyumba, mwachitsanzo, ndi njira yamphamvu imene yagwiritsidwa ntchito m'maboma monga Nkhotakota ndi Mangochi, koma imafuna ndalama zambiri, anthu ophunzitsidwa ndi chilolezo cha Unduna wa Zaumoyo. Komiti ya m'mudzi ikhoza kuipempha kudzera ku khonsolo, koma isailembe ngati cholinga chake.

Lembani chiganizocho

Apa ndiye pagona ntchito. Cholinga chilichonse chikhale chiganizo chimodzi choyankha zinthu zisanu: chimene chisinthe, kwa ndani, kuti, kuchoka pa zingati kufika pa zingati, pofika liti. Chikasowa chimodzi mwa izi, chiganizocho sichinapse.

Titenge nkhani ya amayi oyembekezera. Malungo akagwira mayi wapakati amamuchepetsa magazi, amatha kuchotsa mimba, ndipo mwana amabadwa wochepa sikelo. Mayi amayenera kuyamba kumwa SP, yomwe ambiri timaitchula kuti Fansidar, mimba ikakwana masabata 13, mapiritsi atatu pamaso pa namwino, n'kumabwereza pakatha mwezi, kosachepera katatu asanachire. Tiyerekeze kuti kaundula wanu waonetsa amayi 400 oyenera kumwa SP chaka chatha, ndipo amene anafika katatu ndi 160. Ndiye kuti ndi amayi 40 mwa 100 alionse. Cholinga chanu chingalembedwe motere: "Pofika pa 31 Malichi chaka chamawa, amayi oyembekezera a m'dera la chipatala chino omwa SP katatu kapena kuposa achoke pa 40 kufika pa 60 mwa 100 alionse."

Mawu oti "oyenera kumwa" ndawaika dala. Mayi amene ali ndi HIV ndipo akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku sapatsidwa SP, chifukwa mankhwala awiriwa ndi apachibale ndipo Bactrim amamuteteza kale. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amayi otere si ochepa. Mukawaphatikiza m'chiwerengero, anamwino adzaoneka ngati akulephera pamene akuchita zoyenera.

Mukalemba cholingacho dzifunseni chimene chimagwetsa amayi panjira. Kawirikawiri si kukana mankhwala ayi, koma kuyamba sikelo mochedwa. Mayi wobisa mimba mpaka miyezi isanu ndi iwiri amavutika kupeza nthawi yomwa katatu. Nthawi zina vuto ndi laling'ono lomvetsa chisoni: pa sikelo palibe madzi akumwa kapena makapu, namwino n'kungopereka mapiritsi kuti akamwere kunyumba. Ndowa ya madzi abwino ndi makapu ndi zinthu zimene komiti ingathe kupeza sabata yomweyo.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha ana, ndipo kwa ine ichi ndicho chimapulumutsa miyoyo mwachangu kuposa zonse. Malungo amene tili nawo kuno, a kachilombo ka Plasmodium falciparum, amatha kusanduka aakulu m'masiku awiri okha. Mwana akatentha thupi ayezedwe pasanathe maola 24. Cholinga chingakhale chakuti: "Pofika kumapeto kwa Epulo, m'midzi isanu ya kutsidya kwa mtsinje, ana osakwana zaka zisanu otentha thupi amene afika kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala pasanathe maola 24 achoke pa theka kufika pa atatu mwa anayi alionse." Kuti muyeze zimenezi, woona mwana azifunsa tsiku limene thupi linayamba kutentha n'kulemba. Ngati simunayambe kulemba, miyezi itatu yoyamba ikhale yopezera poyambira, nambala yofikirayo muike pambuyo pake. Palibe chamanyazi pamenepo.

Pansi pa cholinga chimenechi pamabwera ntchito zake: kuonetsetsa kuti kiliniki ya m'mudzi ikutsegulidwa masiku odziwika, kuphunzitsa makolo ndi agogo zizindikiro zoopsa monga kukomoka, kusanza chilichonse, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kulefuka ndi kuyera m'manja, kukumbutsa kuti LA amamwedwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu ngakhale mwana atayamba kusewera tsiku lachiwiri, ndi kugwirizana ndi akabaza odziwika oti azinyamula mwana usiku ndalama n'kubwera pambuyo.

Onani kusiyana kwake. "Kuchita misonkhano 12 ya m'midzi" si cholinga, ndi ntchito. Mukhoza kuchita misonkhano yonse 12, anthu n'kuvina, masewero n'kuchitika, koma mwana n'kumafikabe kuchipatala tsiku lachinayi atakomoka. Cholinga chimanena za kusintha kwa anthu, ntchito imanena za thukuta lanu. Pa pepala lanu cholinga chikhale pamwamba, ntchito zake pansi.

Za maneti lembani kugona m'neti, osati kukhala nayo. Boma pogawa maneti dziko lonse limawerengera neti imodzi pa anthu awiri, ndipo amayi amalandiranso ku sikelo ndi pobereka, koma neti yosungidwa m'chikwama siteteza munthu. Muziyeza poyendera mabanja omwewo, tinene 30 pa mudzi, kamodzi mvula isanayambe ndi kamodzi mu Febuluwale. Ana a sukulu muwawerenge paokha.

Cholinga china chimene makomiti amachiiwala ndi cha mankhwala: "Masiku amene chipatala ndi makiliniki a m'midzi akhala opanda LA kapena zoyezera magazi asapitirire akutiakuti pakati pa Disembala ndi Meyi." Komiti sigula mankhwala, koma ili ndi udindo wokhalapo mankhwala akamafika, kuona kuti oda yapita nthawi yake, ndi kuimba ku ofesi ya boma shelefu isanayere.

Nambala yofikira muipeza bwanji?

Musalembe 100 mwa 100 chifukwa choti ikumveka bwino pamaso pa alendo. Onani mmene zinthu zayendera zaka zitatu zapitazi. Ngati popanda khama lapadera mumakwera pang'ono chaka chilichonse, ikani nambala yoposa pamenepo, yofuna thukuta koma yotheka. Dziko lonse, ndi ndalama zake zonse, linatenga zaka zisanu ndi ziwiri kutsitsa chiwerengero cha ana aang'ono opezeka ndi tizilombo ta malungo kuchoka pa 43 mwa 100 mu 2010 kufika pa 24 mu 2017.

Samalani kwambiri ndi cholinga chonena kuti "odwala malungo atsike ndi theka." Chaka cha mvula yambiri odwala amakwera ngakhale mutagwira ntchito bwino. Mukatsegula kiliniki yatsopano ya m'mudzi, odwala olembedwa amakweranso chifukwa mwayamba kupeza ana amene kale ankadwalira kunyumba, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino. Choopsa china n'chakuti anthu akapanikizidwa ndi nambala yotero amayamba kuchepetsa zolemba. Chiwerengero cha odwala ndi omwalira muzichitsata ndithu monga cholinga chachikulu cha zaka zitatu kapena zisanu, ndipo muziyerekeza Januwale ndi Januwale mnzake, osati Januwale ndi Julayi. Koma zolinga za chaka chimodzi zikhale pa zinthu zimene manja anu angazisunthe.

Nthawi, dzina ndi ndalama

Malungo amatsata mvula. Mvula ikayamba mu Novembala, odwala amachuluka kuyambira Januwale mpaka Epulo kapena Meyi. Choncho kukwirira maenje a njerwa, kusoka ndi kupachika maneti, kutseka mipata ya pakati pa khoma ndi denga imene udzudzu umalowera, zonsezi zithe mu Okutobala. Tsiku lokumbukira malungo pa dziko lonse, pa 25 Epulo, limafika nyengo ikupita kumapeto, ndiye ndi labwino kuunikirapo mmene mwayendera osati kuyambirapo ntchito. Kumbukiraninso kuti chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo. Chilichonse chofuna ndalama za khonsolo chidutse ku VDC ndi ku ADC miyezi ingapo tsikuli lisanafike, kuti chilowe mu ndondomeko ya zaumoyo ya boma lonse. Tumizaninso kope kwa woyang'anira ntchito za malungo ku ofesi ya zaumoyo.

Pambali pa cholinga chilichonse lembani dzina la munthu mmodzi. Osati "komiti," osati "anthu onse." Mmodzi, amene adzaimirira pa msonkhano wotsatira n'kunena nambala. Sikuti ntchito yonse agwira yekha, koma ndiye woikumbukira.

Pa ndalama, gawani ntchito zanu pawiri: zimene mungayambe mawa ndi zimene muli nazo, ndi zimene zikudikira thandizo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cholinga chilichonse chikhale ndi ntchito imodzi kapena ziwiri za gulu loyambalo, kuti thandizo likachedwa chisafe. Makasu okwirira maenje alipo m'mudzi. Mphindi zisanu zolankhula ku tchalitchi, ku mzikiti, ku banki m'khonde kapena pa mzere wa sukulu m'mawa sizigulidwa. Ngati ambiri a m'dera lanu amagwira ntchito m'minda ya tiyi, kambiranani ndi akuluakulu a esitetiyo za masiku a sikelo, chifukwa mayi wothyola tiyi amawerengera tsiku lililonse limene wajomba.

Kubwereranso ku pepala lija

Musanamalize, werengani zolingazo mokweza pamaso pa amfumu ndi anthu, m'Chichewa chomveka, ndipo kumene akuluakulu amamasuka ndi Chilhomwe wina amasulire. Mayi wa m'mudzi akalephera kubwereza cholingacho m'mawu ake, chilembeninso.

Kenako jambulani tchati chosavuta pa pepala lalikulu: miyezi 12 m'munsi, mzere wa pomwe munayambira, mzere wa pomwe mukufuna kufika. Chimatidwe pamalo oonekera pa chipatala, ndipo mwezi uliwonse mwini cholinga aikepo kadontho. Pakatha miyezi itatu iliyonse komiti ikhale pansi ndi tchaticho. Kadontho kakapanda kusuntha, musayambe ndi kufunsa kuti walakwa ndani. Funsani ngati ntchito zija zinachitika. Ngati sizinachitike, pezani chinatchinga. Ngati zinachitika koma nambala ili pomwepo, ndiye kuti munalakwitsa chifukwa cha vutolo, bwererani m'mudzi mukafunsenso. Sinthani ntchito, koma nambala yofikira musaifufute pakati pa chaka kuti lipoti lioneke bwino.

Mwana kapena mayi akamwalira ndi malungo m'dera lanu, musadikire miyezi itatu. Maliro akatha ndipo banja likapumako, anthu awiri a komiti pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo akapepese, n'kumva mofatsa mmene zinayendera: thupi linatentha liti, anapita kuti poyamba, anachedwa pati, anapeza chiyani atafika. Zimene amva akazinene pa msonkhano wotsatira popanda kutchula dzina la banjalo, ndipo zilembedwe pansi pa cholinga chimene zikukhudza.